Kuseri kwa Kalendala

Ku El Alto mphepo sigogoda,
imangolowa n'kukhala pakhosi ngati ngongole.
Amayi anga, a Remigia Apaza,
ankaluka majuzi a ubweya wa alipaka
pa makina amodzi olira ngati mbuzi yomangidwa,
Lachinayi ndi Lamulungu n'kukayala malonda pamsika.
Ndalama zonse zinkagona m'thumba la epuloni:
za ulusi, za mbatata, za basi, za sopo,
mulu umodzi, zosadziwana maina.
Madzulo ankagwedeza thumbalo.
Likalira, ankati lero tapindula.

Makina anadzathyoka dzino mu Juni,
mwezi umene mzinda wonse umanjenjemera ukufuna juzi.
Wokonza anatchula mtengo.
Amayi anagwedeza thumba, thumba linangoti zii.

Usiku womwewo anakolola kalendala pakhoma,
ija tinapatsidwa ndi ogulitsa gasi,
anaitembenuza kuyera kuyang'ane kumwamba.
"Lemba, iwe wopita kusukulu.
Juzi imodzi imadya ulusi wochuluka bwanji?"
M'mawa tinakayeza pa sikelo ya a Casimiro ogulitsa nyama.
"Nanga imadya maola anga angati?"
Chibadwire anali asanawerengepo maola awo,
ankawayesa aulere ngati fumbi la mumsewu.

Pensulo ilibe ulemu.
Inanena kuti juzi yofiira yamaluwa ija,
imene anthu ankalimbirana dzuwa lisanakwere,
imene amayi ankayenda nayo mutu uli m'mwamba,
iliyonse inkatibera maboliviano khumi ndi limodzi.
Inanenanso kuti tizipewa ta ana,
tolukidwa ndi ulusi wotsalira,
totayidwa kumapeto kwa tebulo ngati ana opeza,
ndi timene tinkatidyetsa chaka chonse.
Amayi anakhala duu mpaka kandulo inatha.

Kenako tinajambula miyezi.
Ulusi tizigula mu Disembala, ogulitsa akamaodzera.
Tiziluka mvula ikugwa, tizigulitsa chisanu chikaluma.
Zitini zitatu za mkaka zinaikidwa pa shelefu:
china cha ulusi, china cha pakhomo,
chachitatu cha tsiku limene silinena kuti likubwera.
Ndinalembanso malipiro awo pamzere wakewake.
Anaseka mpaka kutsokomola:
"Ndiye kuti ndadzilemba ganyu ndekha?"

Musaganize kuti pepala linalamula dziko.
Chaka chotsatira anthu anatseka misewu ndi miyala,
masabata atatu alendo osakwera phiri,
majuzi ali khathikhathi mpaka kudenga.
A Eduviges, oyala masokosi pafupi nafe,
anathamangira kwa wakatapila;
pofika Seputembala tebulo lawo linali ndi mwini wina.
Ife tinatsegula chitini chachitatu.
Sizinakwane.
Koma kalendala inatilozera chala:
apa mungadule, apa musakhudze, apa mpamtsempha.
Tinafufuta, tinalembanso, tinafufutanso
mpaka pa Ogasiti panabooka.
Pepala silisunga mangawa ukalisintha maganizo.

Lero makina alipo atatu,
amayi awiri a mumsewu mwathu amalandira pakutha pa mwezi,
ine ndimakhala ku La Paz, kumunsi kwa phiri.
Disembala aliyense lamya imalira:
"Bwera ndi pensulo, a gasi abweretsa yatsopano."
Maso awo atopa, manambala ndimachita kuwawerengera mokweza,
iwo n'kumandikonza asanayang'ane n'komwe.

Pansi penipeni pamakhala mzere umodzi
umene salola kuti ndiwutsutse.
Juzi yofiira yamaluwa: imodzi yokha pachaka.
Phindu lake: palibe.
Chifukwa chake amalemba okha, dzanja likunjenjemera:
ndimaikonda, ndipo tsopano ndikudziwa mtengo wake.